Njoka ya bwana inanenepa, ine ndinkati ikukula

Amene anandilakwira ndi Che Jafali, dalaivala wa panyumba yomwe ndinkagwira ntchito ku Fereej Al Murra, m'dziko la Aluya. Anandiwerengera pepala molakwika, zitavuta n'kundikana. Koma inu owerenga, vuto langa liliponso.

Korona itatseka mabwalo a ndege, mwana wa bwana anatsekeredwa kunja. Kunyumba anasiya boa wake, njoka yonga nsato yobadwira kwa oweta, yotalika ngati mkono wanga, yokhala m'bokosi lagalasi. Anasiyanso pepala la kadyetsedwe, la Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 5. Bwana atandifunsa ngati ndamva zolembedwazo ndinangoti yes, manyazi. Kuseri ndinapita kwa Che Jafali, munthu wamkulu, wa kwathu komwe. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali n'kunena kuti kawiri pa sabata.

Ndiye ndinkaipatsa khoswe wa mufiliji Lolemba ndi Lachisanu. Siinkakana. Mwezi uliwonse ndinkaiyeza ndi chingwe n'kumanga mfundo. Mfundozo zinkatalikirana, ine n'kumanyadira. Thupi linafufuma mpaka mamba kutayana, kamutu n'kutsalira kakang'ono. Ndinkati ndi thanzi. Kenako inayamba kusanza, ndipo tsiku lina m'mawa ndinaipeza itauma.

Dokotala wa ziweto atabwera anandiuza kuti boa amakula pang'onopang'ono, zaka zingapo asanafike msinkhu wake, ndipo ukamuthamangitsa ndi chakudya mafuta amamupha. Anawerenga pepala lija mokweza: kamodzi pa masabata awiri. Nditatchula amene anandiwerengera, bwana anatembenukira Che Jafali. Iwo analumbira kuti wallahi, pepalalo sanalionepo.

Mutu unanditentha. Ndinawagwira pakhosi bwana akuona, munthu wa msinkhu wa bambo anga. Za njoka mwina akanandikhululukira, koma izi ayi. Khalas, basi, ntchito inathera pomwepo. Mwayi wake malamulo anali atangosintha, munthu umatha kupeza bwana wina popanda kalata ya wakale. Komabe ndinakhala miyezi ndikugona pansi kwa anzanga ku Umm Ghuwailina, mbiri yoti ndimamenya akulu itandifikira kale kulikonse.

Inu owerenga, chiweto chimene simukuchidziwa musachiyese nkhuku ya broila. Kunenepa si kukula. Ndipo ngati simutha kuwerenga, nenani kwa mwini pepala, manyazi apite uko.

Ndinadzakumana nawo Che Jafali titatuluka mumzikiti pa mapemphero a Juma. Anandipatsa foni yawo kuti ndiwaonere meseji, ati magalasi aiwala. Mesejiyo inali ya Chichewa, ya mawu anayi okha. Apo m'pamene ndinazindikira. Manja ndinawaika kumbuyo, ndipo ndinati:

“Che Jafali, pokugwirani pakhosi paja ndinalakwa, pepani. Koma inunso simutha kuwerenga. Mukanangonena tsiku lija, tikanapita tonse kukafunsa, njoka ija bwenzi ili moyo.”