Madontho pa Bulauzi ya Esinati

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anabereka Dalitso, mlongo wanga wotsiriza. Amayi ankaphunzitsa pasukulu ina ku Petauke, ndipo tchuthi chawo chitatsala pang'ono kutha, anatumiza mawu kwa azakhali ku Ndake kuti awapezere mtsikana wolera mwana. Anati akhale waukhondo ndi wopemphera, koma makamaka asakhale ndi mwana wake. Ankati wamwana mtima umakhala kwawo.

Anabwera Esinati, mtsikana wofatsa, atanyamula kachola kamodzi. Amayi atamufunsa ngati ali ndi mwana, anayang'ana pansi n'kukana. Ntchito anaigwira bwino kwabasi. Dalitso akangoyamba kulira, iye ankadziwiratu ngati ndi njala kapena thewera. Kubereka kumsana ankamanga chitenje kamodzi kokha, mwana n'kugona. Inenso ankandiluka tsitsi osandipweteka, ndipo ndinamukonda.

Tsono ine paubwana pakamwa panga sipankasunga kanthu. Masana ena nditaweruka kusukulu, ndinapeza Dalitso akulira, Esinati akumupangira mkaka wam'botolo. Bulauzi yake inali itanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri. Atandiona anadziphimba msanga ndi chitenje. Ndinazionanso tsiku lina, ndipo ndinaganiza kuti amamwa mkaka wa mwana n'kudzitayira. Amayi atangofika, ndisanawalandire n'komwe mabuku, ndinamunenera.

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Koma anakhala pampando, n'kumuyitana Esinati. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ali ndi miyezi ingati?" anafunsa motsitsa mawu.

Esinati anagwada, n'kuyankha m'chilankhulo cha kwawo. "Seveni, amai. Nenze kuyopa kuti simuzanitenga. Musanipitikitse."

Anafotokoza kuti mwanayo, Madalo, anamusiya ndi agogo ake, ndipo ankangomwa phala la mgaiwa. Dalitso akalira, mkaka unkatuluka wokha. Amayi anangoti alongedze katundu.

M'mawa mwake anamuperekeza kokwerera minibasi ya ku Nyimba, yopita kwawo. Ine ndinabisala kuseri kwa bafa n'kulira. Ndinadziwa kuti ndamuchotsetsa ntchito ndine, pomunenera zakuba zimene sanabe.

Patapita masiku atatu, Esinati anatulukira pageti, kumsana kuli kamwana kowonda, tsitsi lofiirira ngati ndevu za chimanga. Amayi anali atamutuma kukamutenga. Anamumasula okha kumsanako, ndipo mawa lake anapita naye kusikelo. Atate anadandaula kuti nyumba yathu yaing'ono yasanduka chipatala cha ana, komanso nthawi zina Dalitso ankadikira kuti mnzake ayamwe kaye. Esinati anakhala nafe zaka zinayi.

Nditakula ndinawafunsa amayi chifukwa chake sanamuthamangitse, popeza anawanamiza. Anandiyankha kuti, "Bodza lija ndinamuphunzitsa ndine. Ndinafuna kuti wanga aleredwe, osafunsa kuti wake amulera ndani."

Lero ndili ndi ana awiri, ndipo nanenso ndimapita kuntchito. Anzanga akamafuna wolera ana ndimawamva akunena mawu omwe aja, akuti asakhale ndi mwana. Sindiwaweruza, chifukwa kuvuta kwake ndikukudziwa. Koma ndimamva manyazi ndikakumbukira kuti mkaka wa Madalo unkathera m'bulauzi pakhomo pathu, ine n'kumauyesa wakuba. Chaka chatha nditalandira mayi wa ku Nyampande kuti andilerere wanga wamng'ono, sindinamufunse ngati ali ndi ana. Ndinamufunsa kuti, "Amai, ana anu mwasiya ndi ndani?"