Galimoto ya Agogo ndi Dimba la ku Naperi

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Likoswe, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la girizi losakanikirana ndi sopo wochapira, fungo limene silinkachoka m'zikhatho zawo ngakhale atasamba kuti apite kutchalitchi. Anayendetsa malole zaka zambiri, ndipo atapuma pantchito anakhazikika m'nyumba yawo ku Naperi, momwe tinkakhala nawo ine, abambo ndi amayi. Bwalo la nyumbayo linali laling'ono: khonde la simenti, chingwe choyanikapo zovala, ndi galimoto yawo yakale yabuluu imene inaima pakona pa mpanda osayendanso. Loweruka lililonse m'mawa ndinkadzuka ndi phokoso la ndowa ndi madzi akukhavukira pa galimotoyo, agogo akuitsuka mosafulumira uku akung'ung'udza nyimbo za kwaya, kenako n'kukhala pampando wa dalaivala kumvera wailesi mpaka dzuwa litakwera.

Agogo anali ndi mwambo wawo wa tsiku loyamba la chaka. Tikabwera kutchalitchi n'kukhala pakhonde kudya mpunga ndi nkhuku, mitambo ya mvula ikuunjikana cha kuphiri la Soche, iwo ankagogoda mbale ndi supuni n'kufunsa aliyense chinthu chimodzi chimene asiye chaka chimenecho. Zoti wina agula chakuti kapena ayamba chakuti sankafuna kuzimva.

"Lole yodzaza kwambiri imakanika pachitunda," ankatero. "Tsitsani katundu."

Aliyense akatchula chake, iwo ankalengeza chimene nyumba yonse isiye. Chaka china tinasiya majumbo, ndipo amayi anayamba kupita kumsika wa Limbe ndi dengu. Chaka china tinasiya kutaya madzi ochapira m'ngalande, tikumawasunga m'mgolo kuti tizikolopera. Chaka chotsatira agogo anati makala akutha mapiri, iwo anaona ndi maso awo m'misewu imene ankayenda, choncho tiziphika pa mbaula yadothi yosatha nkhuni. Zonsezi zinali zanzeru, ndipo anthu oyandikana nafe ena anatengerako. Koma amene ankazisenza anali amayi. Iwo ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni, ndipo akatsika minibasi madzulo, asanavule n'komwe nsapato, ankagwada kuseri kwa nyumba kuuzira moto wa tinkhuni tonyowa, utsi ukuwalowa m'maso ndi m'bulauzi imene anayenera kuivalanso mkati mwa sabata. Pamene zosiya za agogo eni ake zinali zopepuka. Chaka china anasiya supuni imodzi ya shuga mu tiyi, imene adokotala anali atawaletsa kale.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, agogo analengeza kuti chaka chimenecho tisiya kugula ndiwo zamasamba, tizilima tokha. Abambo anavomera ndi mutu monga mwa masiku onse. Amayi anaika supuni pansi, napukuta m'manja, n'kuyankhula ndi mawu aulemu omwe ankayankhulira ndi apongozi awo nthawi zonse.

"Ine ndavomera, bambo. Koma pabwalo pano malo a dimba alipo amodzi okha, ndipo paima galimoto."

Palibe amene anayang'ana kukona kuja. Tonse tinkadziwa kuti ulendo womaliza wa galimotoyo unali wopita ndi agogo aakazi kuchipatala, kudutsa pa Ginnery Corner, ndipo pobwera agogo aamuna anabwera okha, naiimika pamenepo. Abambo anayesa kukamba zoti tikhoza kudzala m'matumba, koma mawu awo anathera panjira. Agogo anaimirira, nyama ili m'mbale, n'kulowa kuchipinda kwawo.

Masabata otsatira m'nyumba munazizira. Agogo ankayankha moni wa amayi, koma osapitirira pamenepo. Tiyi amene amayi awaikira ankamwa, koma atazizira, amayi atapita kuntchito. Amayi nawonso sanapepese. Ndinawamva akuuza abambo kukhitchini kuti sanalakwe chilichonse, kuti zaka zonsezi akhala akutsitsa katundu wawo popanda kudandaula, ndipo ngati m'nyumba muno mtengwa saloledwa kunena choona kamodzi kokha, kuli bwino tikapeze kwathu. Sanali mawu ongoopseza. Abambo anapita kukaona nyumba ya lendi ku Kanjedza, nabwera n'kunena kuti ndi yabwino, ili pafupi ndi sukulu. Ine ndinkaganiza za agogo kutsala okha m'nyumba yonseyo, maso awo atayamba kale kuchita chidima. Ndikukhulupirira kuti nawonso anamva za Kanjedza, chifukwa zipupa za nyumbayo sizinkasunga chinsinsi.

Loweruka lina kumayambiriro kwa Febuluwale sindinamve ndowa. M'malo mwake ndinamva injini pageti. Anali Che Adamu, mnzawo wa agogo wa kuseri kwa mpanda wathu, Msilamu amene anali ndi sitolo ya nsalu ku Limbe, atabwera ndi kalole kawo ndi tcheni. Agogo anatuluka atavala malaya oyera, tayi ndi chipewa chawo cha ntchito. Matayala anali atawapopa dzulo lake ife kulibe. Sanatifotokozere chilichonse. Anangouza abambo kuti atsekule geti mbali zonse ziwiri, ndipo Che Adamu atafunsa ngati mnyamata wawo angagwire chiwongolero, agogo anakana. Anati galimoto imeneyi sinayendetsedwepo ndi munthu wina, ndipo siyamba lero.

Inatuluka ikulira m'mawilo, dzimbiri likuyoyoka, ikukokedwa pang'onopang'ono mumsewu wathu wa zigwembe, agogo atakhala mowongoka pachiwongolero, mkono uli pawindo monga ankakhalira m'zithunzi zawo zakale. Pofika pokhotera anatulutsa dzanja kusonyeza kuti akulowera kumanja, ngakhale kumbuyo kwawo kunalibe galimoto ina iliyonse. Amayi anaima pageti atagwira tsache mpaka onse atazimiririka.

Agogo anabwera masana pa minibasi, atanyamula khasu latsopano paphewa. Anati galimotoyo aisiya kwa makaniko wina ku Limbe amene ankafuna zitsulo zake, ndipo nkhaniyo sanaikambenso.

Dimbalo silinayambe bwino. Dothi la pamalo paja linali litamwa oilo kwa zaka zambiri, lakuda ndi lonunkha, ndipo mpiru woyamba unangomera n'kuchita chikasu n'kufa. Agogo anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kukumba dothi lonse loipalo n'kumalithira m'matumba. Msana wawo sunkawalola kugwira ntchito yaikulu, ndiye ankakumba pang'ono n'kupuma, atatsamira mpini. Madzulo ena amayi atafika kuchokera kuntchito anawapeza akulimbana ndi thumba limene linawakanika kunyamula. Anaika chikwama pakhonde, namanga chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi, n'kugwira mbali inayo. Analinyamula awiriwo mpaka kunja kwa geti. Pobwerera agogo anaima, akupuma mwabefu.

"Mayi a Tadala, munanena zoona tsiku lija. Kungoti munanenera pa chakudya," anatero, powatchula amayi ndi dzina langa.

"Kodi zanu zija simunenera pa chakudya, bambo?" anatero amayi.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire chaka. Nkhani ya ku Kanjedza sinamvekenso.

Che Adamu anatipatsa manyowa a nkhuku zawo, abambo anabweretsa dothi lofiira pa wilibala kuchokera pamene anthu ankakumba maziko a nyumba, ndipo pofika nyengo yozizira tinali kudya mpiru, tchayinizi ndi anyezi wathuwathu, wothiriridwa ndi madzi otsukira mbale. Chinasinthanso china chimene palibe amene anachilengeza. Nthawi yoweruka ikayandikira, agogo ankapita okha kuseri kwa nyumba kukakoleza mbaula ija, kotero kuti amayi ankapeza moto utayaka, madzi ali pamoto, nkhalamba ili pambali maso ali ofiira ndi utsi. Patapita miyezi ingapo agogo ananena okha kuti nkhuni zonyowa si za munthu, ndipo masiku a mvula tiziphikira magetsi akakhalapo.

Anakhala nafe zaka zina zitatu. Pa chaka chatsopano chomaliza chimene tinadya nawo, anagogoda mbale monga kale, natifunsa tonse, koma za nyumba yonse anati anene ndi amayi, popeza ndiwo amadziwa kulemera kwa zinthu za m'nyumbamo.

Lero ndili ndi banja langa ku Chilomoni, ndipo ndinatengera mtima wa agogo wokonda kukonza moyo wa anthu ena. Chaka chikamatha m'mutu mwanga mumadzaza zinthu zabwino zoti m'nyumba mwathu tisinthe. Chaka chathachi ndinafuna kuti tisiye kugula buledi wa m'sitolo, tizidya mbatata ndi chinangwa m'mawa. Ndisanatsegule pakamwa ndinadzifunsa kuti adzadzuke kukasenda ndi kuphika ndani, ndipo ndinapeza kuti ndi mtsikana amene amatithandiza ntchito, yemwe amadzuka kale tonse tili m'tulo. Ndinanenabe maganizo angawo, ndipo anavomerezedwa. Mbatatayo ndimasenda ndine.