Minti wa M'chigoba cha Bomba

Mayi Thongbay anabadwira m'phanga, chaka chimene ndege zinkagwetsa mabomba ngati matalala m'mapiri a Xieng Khouang. Nkhondo itatha, amayi awo anatola chigoba cha bomba chong'ambika pakati, n'kuchisanjika pa mizati inayi kuti nkhumba zisafikepo. Anathiramo dothi, n'kudzalamo minti, kachitsamba konunkhira ka kumtsinje wa kuseri kwa phiri, ka timasamba ting'onoting'ono, koluma lilime. Zaka makumi asanu, mintiyo ndiye ankakometsa lapu, nyama yosinja ya pa zikondwerero. Ndiyenso Mayi Thongbay ankawiritsira amuna awo, a Khamdi, m'mimba mukayamba kupotokola.

Mayiwo atapita milungu itatu ku Vientiane kukadwazika mchemwali wawo, mkamwini wawo Sengphet anaona mpata. Anali atangobwera ku Korea, mutu uli dzadzadza ndi maganizo owaka paliponse ndi simenti. Chigoba anagulitsa kwa ogula zitsulo, dothi n'kulikhuthulira padzuwa.

"Mkamwini, munda wanga uli kuti?" anafunsa Mayi Thongbay atabwerako.

"Amayi, kwa anzathu bomba saika pakhomo ngati mphika wa maluwa. Minti ndikakugulirani mtolo wonse kumsika."

"Wa kumsika? Udzu wonunkhira sopo uja? Lamlungu tikumanga ulusi wa madalitso pa mkono wa mwana wanu, mudzi wonse ubwera. Mudzawauza nokha kuti lapu wa kwa Thongbay wasanduka chakudya cha akalulu."

M'mawa mwake Mayi Thongbay anatenga mpeni. A Khamdi anawatsekera njira, dzanja lili pamimba.

"Mukupita kumtsinje? Simunaone zikhomo zofiira zija? Ochotsa mabomba sanafikeko. Timabomba tija tagona m'udzu ngati malalanje. Ng'ombe ya a Phommachak inathera komweko."

"Amayi anapitako n'kubwerako."

"Amayi anu anali ndi mwayi, osati miyendo itatu. Mimba yangayi ndipirira nayo."

"Mupirire inu, amene mumabuula mpaka agalu a eni ake kuyankha?"

Anawalambalala. Koma dengu lotengeramo minti linali kuseri kwa khitchini, ndipo kumeneko anapeza Sengphet ali kalikiliki ndi khasu, akulambula ngalande ya madzi otsukira mbale kuti nayonso aiwake. Khasu linagwa kawiri m'zitsamba. Kachitatu Mayi Thongbay anaima chilili. Fungo lija. Linawalowa m'mphuno mpaka kuwatulutsa misozi.

"Siyani! Khasu pansi!"

Anagwada m'matope, n'kukankha udzu ndi manja. Pansi pake panali timasamba ting'onoting'ono, toyanga mpaka ku tsinde la nthochi. Zaka zonsezi, akathothola masamba, timitengo take ankangotiponya pawindo osayang'ana komwe tikugwera. Anatafuna tsamba limodzi. Linaluma.

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuseka.

"Ndiye mukupitabe kumtsinje?" anafunsa a Khamdi ali pakona ya nyumba.

"Kukatani? Kaikeni madzi pamoto, nkhalamba inu."

Sengphet anali ataima ngati mzati, khasu lili kumbuyo. "Nanga simenti ndagulayi, amayi?"

"Muumbe chomwera nkhumba chachitali, koma chokhala ndi mabowo pansi. Muchikweze pa mizati inayi ija, tidzalemo mintiyu. Bola simunagulitsenso mizatiyo."

Lamlungu, alendo atadya, agogo ena opanda mano ananyambita zala n'kunena kuti lapuyo ndi yemwe uja wa malemu amayi a Thongbay. Sengphet anawawonjezera mbale ina.