Kanema Amene Amayi Sanaone

Ufulu utabwera, mafakitale atayamba kumera ku Kafue ngati bowa, aphunzitsi angapo ndi amakaniki anayambitsa gulu la kanema. Sankafuna phindu, ankangoikonda ntchitoyo. Loweruka masana ankatseka mazenera a holo ndi masaka, n'kupachika nsalu yoyera yochokera ku fakitale kumene ine ndinkagwira ntchito yopota ulusi. Tinkati baisikopo. Kamodzi pachaka kunkakhala chikondwerero cha timakanema topanda mawu tojambulidwa m'tauni momwemo. Polowa aliyense ankapatsidwa njere imodzi ya chimanga kuti akaponye m'chitini cha kanema amene wamusangalatsa. Wopambana ankalandira chikho, ndipo kanema wake ankatsala ku gulu n'kumaonetsedwa chaka chonse. Otsalawo ankabwerera kwa eni ake.

Atate anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Tsiku lina mphunzitsi wina anabwera kusiteshoni ndi kamera yake, nawajambula akulandira sitima. Atate anabwera kunyumba akudzitama kuti tidzawaona pansalu, koma chifuwa chinawatenga chikondwerero chisanafike.

Amayi anali akadali m'zovala zakuda, maliro tisanamete. Sanali munthu wopemphapempha, koma m'mawa wina ndinawamva akuuza azakhali, mlongo wa atate, kuti akufuna akangowaonako atate pansalu kamodzi.

"Wofedwa ku baisikopo?" anatero azakhali. "Alamu, anthu akanena chiyani? Dikirani timete."

Nkhani inathera pomwepo. Ine mtima unandiwawa, chifukwa mphunzitsi uja anali atasamutsidwa kale kupita ku Migodi, ndipo ankangodikira chikondwerero kuti anyamuke. Njira inali imodzi basi: kanemayo apambane, atsale ku Kafue, amayi adzamuone akameta.

Ndinayenda ngati wopempha mavoti. Ndinanyengerera atsikana anzanga a ku ulusi, alonda a pageti, ngakhale kapitawo amene sindinkamupatsa moni. Ku komboni ya Nangongwe ndinagogoda khomo ndi khomo. Onse anavomera, ndipo ndinagona tulo tabwino.

Chimene sindinachidziwe n'chakuti panalinso kanema wa mabwato a ku Chanyanya. Asodzi a kumeneko anabwera mudzi wonse pa njinga, ena atatu pa njinga imodzi, fungo la nsomba lili patsogolo. Ambiri anali asanalowepo mu holo. Bwato likangotulukira pansalu ankaimirira n'kumaitana mwini wake ndi dzina, ngati awayankha. Lero ndimawaseka, koma tsikulo ndinkafuna kuwameza.

Kenako siteshoni inaonekera. Sitima inalowa mwakachetechete, utsi uli tolo, ndipo atate anatulukira kumanzere, mbendera m'manja. Anayenda kudutsa nsalu yonse, nacheuka, namwetulira. Ndinaiwala kuti ndili pagulu, ndinafuula kuti, "Atate!" Pomwepo filimu inaduka, nsalu n'kungoyera mbee. Anthu anaimba mluzu. Mkulu woyendetsa makina anadula kachidutswa kowonongeka ndi lumo, namata nsonga ziwirizo, kanema n'kupitirira pamene sitima inali itachoka kale.

Za zitini sindinena zambiri. Cha asodzi chinasefukira, chathu chinafika pakati. Iwo ananyamula chikho akuimba, ine ndinatsala pabenchi ndikulira mosabisa.

Mkulu wa makina uja anandipeza akusesa.

"Ni ndani uja wamene munaitana, sisi?"

"Ni batate banga. Banamwalira."

Anawerama n'kuyamba kufufuza m'zinyalala. Anatola kachidutswa kaja, kotalika ngati chala, nakapukuta pa malaya.

"Tengani. Muziyanganira ku dzuba."

Ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Anapukuta manja, nakweza kachidutswako kuloza dzuwa, diso limodzi atatsinzina. Munali tizithunzi ting'onoting'ono totsatizana, ndipo m'kalikonse munali atate, ochepa kuposa nyerere, mwendo umodzi uli m'mwamba. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Angoima," anatero. "Iwe unawaona akuyenda?"

"Ee, amayi."

"Amayenda bwanji?"

Ndinayamba kufotokoza, koma anapukusa mutu. "Usandiuze. Ndionetse."

Ndinatola chipande m'malo mwa mbendera. Ndinayenda kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa thandala, mapazi olozera kunja, phewa lakumanja lotsika pang'ono, monga ankayendera munthu wozolowera kuponda miyala ya njanji. Pothera ndinacheuka, ndinayesa kumwetulira. Azakhali anali ataima pakhomo la khitchini, ndipo ndinadikira kuti andikalipire. Koma anangogwira pakamwa ndi chitenje.

Titameta, nyumba ya njanji inafunika kwa wantchito wina, amayi n'kubwerera ku Katete. Mu holo sanalowemo mpaka imfa yawo. Gulu lija linatha mafakitale atayamba kufooka, ndipo kumene kanema wa mphunzitsi anathera sindikudziwa. Ndimawasowa onse, ngakhale asodzi aja. Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi masana amenewo kuseri kwa nyumba, nditafika pa thandala n'kucheuka, amayi atakhala pamphasa, misozi ikutsikira mumpunga.

"Bwerezanso," anatero. "Koma usathamange. Atate ako sankathamanga."