Chaka Chomwe Ndinadzola Mafuta a Ng'ombe

Chinali chitini chachikasu chopanda chivindikiro. Amayi ankachiphimba ndi kapulasitiki n'kumanga ndi luzi, ndipo chinkakhala pamwamba pa khoma pomwe ana sitikanafikira. Pambali pake panali chithunzi cha ng'ombe chofufutika, moti panangotsala mutu ndi mwendo umodzi. M'katimo munali mafuta olimba, oterera, opanda fungo. Anali mafuta opaka mawere a ng'ombe pokama mkaka, ndipo ine ndinawadzola nyengo yonse yozizira ya chaka chomwe ndinali mu sitandade thuu.

Kwathu ku Ndunde, Juni akafika, chiperoni chimabwera ngati mlendo wosatsanzika. Phiri la Chiradzulu limabisala m'nkhungu, kamvula kamangowaza tsiku lonse, ndipo kakaleka kamasiya mphepo youma yolowa mpaka m'mafupa. Ana tonse tinkatuwa, koma langa khungu silinkangotuwa ayi, linkasweka. Kuseri kwa mawondo, m'zigongono ndi m'mbali mwa milomo munkang'ambika timizere tofiira. Ndikaseka ndinkalawa magazi. Madzi osamba ankandiluma ngati athiramo tsabola.

Amayi anayesa zonse zomwe ankadziwa. Anakazinga nsatsi, kusinja, kuphika n'kuyengula mafuta ake, koma amenewo ankandiyabwa ndipo ndinkanunkha utsi. Anandipakapo mafuta ophikira, fumbi lam'njira n'kundimata miyendo yonse. Kuchipatala cha mishoni asisitere anatipatsa kamankhwala koyera, n'kutilangiza kuti ndizisamba madzi ofunda, asamandikweche ndi mwala, ndipo azindidzoza thupi lisanaume. Kamankhwalako sikanachedwe kutha. Malangizowo anatsala, koma chodzola panalibe.

Kusukulu aphunzitsi ankayendera ukhondo Lolemba lililonse pa asembule. Sanali munthu wankhanza, zimenezo ndiyenera kunena, koma anali ndi nthabwala zomwe mwana saziiwala. Ankadutsa mumzere atagwira kamtengo, akapeza mwendo wotuwa n'kulembapo. "Bolodi ili likuposa la m'kalasi," ankatero, ana n'kufa nalo phwete. Akafika pa ine ankayang'ana miyendo yanga, kamtengo kaja n'kukabisa kumbuyo, n'kudutsa osalankhula. Chifundo chimenecho chinkandichititsa manyazi kuposa kusekedwa.

Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, ankagwira ntchito cha ku Mikolongwe kwa bambo wina woweta ng'ombe zamkaka. Ankadula nsenjere, kupala ndowe m'khola, kukama m'mawa ndi madzulo, kenako kukasiya mkaka panjinga komwe ankaugula. Kwathu ankabwera Lamulungu tikaweruka ku Misa, akununkha mkaka ndi udzu. Chaka chimenecho anali atayamba kuumba njerwa ku Mbombwe, kwawo kwa mkazi amene ankafuna kumukwatira, ndipo amayi ankawaseka kuti dothi lakumeneko lawalowa m'mutu.

Tsiku lina anandipeza ndikulira kuseri kwa bafa, nditakana kusamba. Anandikhazika pamiyendo pawo, n'kundiwongola bondo pang'onopang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, mwanayu akusweka ngati bere la ng'ombe m'chisanu."

"Ndiye nditani, achimwene?" anayankha amayi.

Lamulungu lotsatira anatulutsa chitini chija m'jekete. Amayi sanachilandire msanga. Anafunsa ngati abwana awo akudziwa, amalume n'kungoseka kuti ng'ombe sizidandaula. Amayi anayang'ana chitinicho, anayang'ana ine, kenako anatambasula manja awiri.

Kuyambira pamenepo m'mawa wanga unasintha. Amayi ankafunditsa madzi, kundisambitsa ndi manja okha, n'kundiimika pamwala pomwe dzuwa linkayambira kuwomba. Ndisanaume ankatapa mafuta ndi chala chimodzi, kuwatikita m'zikhato mpaka asungunuke, ndiye n'kuyamba: kumaso, m'khosi, m'zigongono, kuseri kwa mawondo, mpaka pakati pa zala zakuphazi. Manja awo ankakanda ngati chitsononkho. Anali manja othirira mpiru kudimba m'bandakucha, madzi ali zii, ndipo kuzidendene kwawo kunali zikang'a zakuya zomwe ankadonthezeramo phula la kandulo kuti athe kuyenda. Sindikumbuka tsiku lomwe anatapa mafutawo kuti adzole okha. Zotsala m'manja ndizo ankapukutira m'mikono mwawo. Ine ndinkaona zonsezi tsiku ndi tsiku, koma chomwe ndinkadandaula n'chakuti akundichedwetsa kusukulu.

Mabala anayamba kutseka. Nkhanambo zinayoyoka, pansi pake panatuluka khungu losalala lomwe ndinkalisisita m'kalasi ngati la munthu wina. Ndinayamba kulumpha chingwe osaopa kupinda mawondo.

Lolemba lina aphunzitsi anaima pa ine. Anawerama, anayang'anitsitsa, kenako anandigwira dzanja n'kupita nane kutsogolo kwa sukulu yonse.

"Taonani mnzanuyu mmene wawalira! Mwanawe, tawauza anzako otuwawa, umadzola chiyani?"

Sindinali nditaitanidwapo kutsogolo pa chinthu chabwino. Ndinakweza mawu kuti ngakhale a sitandade eyiti kumbuyo amve. "Mafuta a ng'ombe! Amalume anakatenga kukhola kwa abwana awo!"

Sukulu yonse inagwa ndi phwete. Aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta misozi. Sabata yonse anyamata ankandilirira ngati ng'ombe ndikamadutsa, ndipo ine ndinkayesa kuti vuto lonse linali lomwelo. Koma nkhani yoseketsa imayenda msanga. Aphunzitsi anakaifotokoza kwa anzawo pocheza, mopanda choipa mumtima, ndipo mmodzi mwa omverawo anali mlamu wa mwini ng'ombe uja.

Amalume anabwera pakati pa sabata, wapansi, atasenza mphasa ndi bulangete. Njinga ija sinali yawo, inatsala kwa eni ake. Anapita ndi amayi kuseri kwa nyumba, ndipo ndinangotolako mawu ochepa. Amayi ankati apite okha akapepese. Amalume ankakana. "Mukagwade chifukwa cha mafuta? Ayi, achemwali. Ndipo mwanayu asamve." Ndinaganiza kuti kwagwa maliro kwinakwake, popeza maliro ndi omwe ankabisira ana.

Sindinamvedi. Ndinadzamva ndili kale mayi, m'mawa wina wa Juni, ndikudzoza mwana wanga mafuta a m'sitolo, amayi atakhala pakhonde akundiyang'ana. Anaifotokoza ngati nkhani wamba, yoti amalume anachotsedwa ntchito chifukwa cha chitini chija, akuyesa kuti ndinaidziwa kale. Nthawi imeneyo amalume anali atamwalira. Ntchito yokhazikika sanaipezenso. Mbiri yoti ali ndi dzanja lalitali inali itafika kwa onse oweta ng'ombe m'deralo. Njerwa za ku Mbombwe zija sizinawotchedwe, mvula ya chaka chomwecho inazibwezera ku dothi, ndipo mkazi uja anakwatiwa ndi wina. Amalume anakalamba akuyenda m'maganyu.

Ndimadziuza kuti ndinali mwana, kuti ndinangoyankha funso, kuti anatenga chitinicho ndi iwowo, kuti mwini ng'ombe akanatha kungowakalipira. Zonsezi n'zoona, koma sizindipepuza. Wina akanandimenyako khofi tsiku limenelo, nkhaniyo ikanathera pomwepo. M'malo mwake anandisungira chinsinsi zaka zonsezo. Amalume anavina pa chinkhoswe changa, anandinyamulira sutikesi popita kusekondale, osatulutsa liwu limodzi. Ndipo amayi anapitiriza kundidzoza mafuta omwewo m'mawa uliwonse mpaka chisanu chinatha, chifukwa kuwataya sikukanabweza ntchito ya munthu.

Masabata amene amalume anangobwerera kwathuwo, ine ndinali wosangalala kwambiri. Sukulu itatsekera, ndinali ndi amalume anga tsiku lonse. Ankandiotchera mbatata paphulusa, kundipangira galimoto yamawaya ngakhale ndinali mtsikana, n'kundiphunzitsa kuimba likhweru milomo yanga itapola. Ankadzuka m'mawa kuposa aliyense, monga anazolowerera, koma analibe kopita. Ankangokhala pachitsa kuseri kwa khitchini kudikira dzuwa, manja ali pamawondo, zala zikufumbata ndi kufumbatula zokha.

M'mawa wina ndinakakhala pambali pawo, ndikunyezimira ndi mafuta, n'kuwafunsa kuti ng'ombe zija akukama ndani masiku ano. Amayi anali pafupi akupeta chimanga, ndipo lichero linaima.

"Palibe," anatero amalume. "Zili pa holide ngati iwe."

Ndinafunsa ngati nazonso zimalemba mayeso zisanatsekere. Anati inde, ndipo ina yakuda inakhala nambala wani. Ndinaseka mpaka kugwa pansi, n'kudzuka kuthamangira kwa anzanga kukawauza kuti ng'ombe za amalume anga zili pa holide. Ndili panjira ndinacheuka. Amalume anali atawerama, nkhope ili m'manja, ndipo amayi anali atasiya lichero pansi n'kuima pambali pawo, nkhuku zikudya chimanga iwo osaziingitsa. Ndinaganiza kuti akusekabe.