Ng'oma Yosasa ya Overton wa pa Nsaru

Overton anakulira pa esiteti ya fodya cha ku Kabudula, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe. Bambo ake ankaimba ng'oma m'maukwati, ng'oma yowamba pamoto ndi kumata phula pakati, yoti ikalira umaimva m'nthiti. Iye manja a bambo ake sanatengere. Anatengera makutu okha, ndipo makutuwo amuzunza moyo wonse.

Imvi zinamupeza ali ndi kachipinda kojambuliramo nyimbo kuseri kwa chigayo pa Nsaru. Chigayo chikamalira sajambula, magetsi akathima sajambulanso. Kale makwaya ankachita kulimbirana malo, koma pang'onopang'ono anathawira m'tauni, kunangotsala kwaya ya amayi yotsogoleredwa ndi mayi Veronica. Overton ankadziwa kuti amayiwa akachoka, atseka chitseko n'kubwerera ku khasu, msana uli wotha kale.

Ng'oma zake zinali za makina, kachipangizo kamabatani kosaphonya, kosatopa, kosaledzera. Koma kankamutopetsa mtima. Kulira kwake kunali koyera ngati mbale yotsuka, kopanda thukuta la munthu. Ndiye mlamu wake pobwera ku Joni anamutengera kabokosi kachitsulo kokhala ndi totembenuza tingapo. Kena kankasasitsa mawu, kena kankawasefa, kuchotsa kuthwa n'kusiya kulemera. Overton atakalumikiza ku makina aja anangoti kakasi. Ng'oma inalira ngati yachikopa, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake anagwetsa misozi.

Amayi atabwera kudzamvera nyimbo yawo yatsopano, mayi Veronica anaponya maso kuseri kwa chitseko.

"Kodi abambo, mwabisa woimba ng'oma muno?"

"Ayi mayi, ndi kabokosika. Iko ndi makinawa n'zoyenerana ngati mphika ndi chivundikiro."

"Bola zisakatichititse manyazi pagulu, eti?"

"Musade nkhawa, ndikudziwa chimene ndikuchita."

Ankadziwadi, koma anaiwala chinthu chimodzi. Masipika ake anali abwinobwino chifukwa ankawasamala ngati mazira. Kunja kuno sipika yabwino uipeza kuti? Zonse zinang'ambikira m'maukwati ndi m'misonkhano, n'kumatidwa ndi guluu, ndipo zimasasa zokha popanda wozithandiza.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chake chinabwera chikuimba. Lamlungu lokhazikitsa nyimboyo bwalo la tchalitchi linadzaza. Amayi anaima mumzere ndi zitenje zofanana, mwini masipika obwereka anakweza mawu mpaka kumapeto monga mwa chizolowezi. Kusasa kwa kabokosi kunakwerana ndi kusasa kwa masipikawo. Zinamveka ngati wina akukoka lata pamiyala, mawu a amayi anamira onse.

"Sipika yaphulika!" anakuwa wina kumbuyo.

"Musanamizire sipika yanga," anayankha mwini wake, "yaphulika ndi nyimboyo!"

Anthu anafa nalo phwete. Mayi Veronica anangowerama, manja ali pachifuwa. Overton analakalaka nthaka itamumeza, koma chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti palibe mmodzi pabwalopo anamva zimene iye anamva m'kachipinda kake.

Sabata yonse anakonzanso nyimboyo, kabokosi atakazula. Inatuluka yoyera, yozizira, yopanda cholakwa. Anaiika pa memole kadi n'kupalasa njinga mpaka kwa mayi Veronica. Mayiwo anailandira ndi manja awiri, anamuyalira mphasa, anamupatsa mtedza wokazinga, anafunsa za ana. Ulemu utachuluka chonchi, Overton anadziwiratu.

"Ndiye kabokosi kaja n'kachabe?" anafunsa mayiwo.

"Si kachabe mayi. Ndi makina aja zimayenerana ndithu, koma osati kuno kwathu."

Mayi Veronica anasisita bondo.

"Abambo, amayi agwirizana kuti nyimbo yotsatira tikayese m'tauni. Musatikwiyire."

"Palibe kanthu, mayi. Mukaimbe bwino."

Anatsanzika, anatenga njinga yake. Msewu wobwerera ku Nsaru ndi wotsetsereka, koma sanaikwere. Anaikankha njira yonse.