Mapulasitiki a Galimoto ya Malemu

Amuna anga ankanyamula anthu pa kagalimoto kawo pakati pa Nyimba ndi Petauke, ndipo woitsuka ndinali ine. Iwo ankadziwa za injini. Ine ndinkadziwa mapulasitiki akuda aja a m'mbali, bampa ndi dashibodi. Fumbi la kwathu kuno lili ndi mchenga, ndiye ukangoyamba kupukuta pouma, wakanda kale. Ndinkayamba ndathila madzi ambili kuti mchengawo utsike wokha, kenako sopo pang'ono pa thewela lakale lofewa, ndipo m'timipata ndinkadutsamo ndi mswachi wotha. Pakauma ndinkapaka polishi wake wa mapulasitiki, galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, chifukwa dzuwa la ku Nyimba limayeletsa pulasitiki mbuu.

Amuna anga atamwalila, alamu anga, akulu awo a malemuwo, sanadikile n'komwe kuti anthu abalalike pamalilo. Anachotsa makiyi pamsomali ine ndikuona.

"Galimotoyi ndi ya kwathu," anatelo. "Inu a ku Mozambiki munabwela ndi mtolo pamutu. Galimoto munaionela kuti?"

Ine ndinabadwila konkuno, amene anathawa nkhondo ndi makolo anga. Koma tsiku limenelo mphamvu zokangana ndinalibe. Ndinatsala ndi ana komanso tebulo langa la nthochi m'mbali mwa msewu waukulu.

Tsoka lake, alamuwo ankatsukila galimoto pamjigo woyang'anizana ndi tebulo langalo. Mmawa wina ndinamva phokoso lokwecha, ngati munthu akutsuka poto wopselela. Nditadzutsa mutu ndinawaona atagwada pabampa, waya wotsukila mapoto ali m'manja, akumuviika mumchenga. Ndinasiya wogula ataima n'kuwoloka msewu.

"Alamu, wayayo akanda pulasitiki. Mizele yake sichoka."

Sanatembenuke. "Amai, pitani mukagulitse nthochi. Yanu inapita ndi mwini wake kumanda."

"Ndiye mukuikwilila nayonso?"

Anaimilila, madzi a sopo akudontha m'zigongono. "Mukabwelanso pano ndidzakutsukani ndi waya yemweyu."

Anthu a pamjigo anaseka, ena anayang'ana kumbali. Ndinabwelela kutebulo mwaphuma, moti ndinagwetsa mkoko wonse wa nthochi.

Bampa itauma inatuluka yotuwa, mizele ili paliponse. Alamu anaganiza zobisa manyaziwo ndi oilo wakuda wochotsa mu injini. Anapaka bampa, zitseko za m'kati, mpaka dashibodi. Tsiku loyamba inawala ndithu, ndipo anadutsa patebulo langa pang'onopang'ono akuliza huta. Pofika madzulo fumbi lonse la mumsewu linali litamatilila. Mai wina amene ankapita kuchipatala ku Minga anatsika bulauzi yake yoyela itada phewa lonse, ndipo anawatukwana pamaso pa anthu. Alamu anabwelela kumjigo ndi waya uja kukachotsa oilo. Zinkangotelo, kupaka n'kukwecha, galimoto n'kumagona padzuwa, mpaka dashibodi inang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Anthu anayamba kudikila maminibasi.

Dzinja lili pafupi, alamu anabwela kutebulo kwanga atavula chipewa.

"Mlamu, kuli munthu wa ku Petauke akufuna kuigula. Mawa abwela kudzaiona. Kodi munkapaka chiyani kuti izida bwino chonchija?"

Aka kanali koyamba kunditchula mlamu chimwalilile m'bale wawo. Botolo la polishi linalipo kunyumba, kuseli kwa kabati, ndipo mwina likanabisako pang'ono.

"Wa ku Mozambiki angadziwe chiyani za galimoto?" ndinatelo. "Mukugula nthochi kapena mukunditchingila anthu?"

Analavula pansi pafupi ndi phazi langa.

Wogula uja anabweladi. Ndinamuona akuyendetsa chala pabampa, akusuzumila m'kati, kenako anakwela minibasi kubwelela kwawo. Pambuyo pake alamu anauza abale onse kuti ndinailodza galimotoyo, ndipo analetsa ana awo kusewela ndi anga. Injini itafa, anaikokela kumudzi kwawo ku Nyalugwe ndi ng'ombe. Ndimamva kuti amasungilamo matumba a mphale. Tinakumana chaka chatha paukwati wa mdzukulu wawo wina, anatambasula dzanja, ine ndinapitiliza kumanga chitenje changa.